Madontho pa Zithunzi Zojambulidwa Padzuwa: Kupeza Gwero Lake ndi Kuwachotsa

Ojambula ambiri amadabwa kuti kamera yomwe imatulutsa zithunzi zoyera bwino m'nyumba, m'tchalitchi kapena madzulo imayamba kuonetsa madontho ikangotulutsidwa padzuwa la masana. Madonthowo amaonekera kwambiri pathambo, pakhoma lopaka laimu, pa diresi loyera la mkwatibwi kapena pamadzi a panyanja, ndipo nthawi zambiri mwini kamera amawazindikira mochedwa, atafika kale kunyumba n'kutsegula zithunzizo pa kompyuta. Choyamba chimene munthu amaganiza n'chakuti dzuwa laononga kamera. Zimenezi zimatheka, koma sizichitikachitika. Kawirikawiri dzuwa limangoonetsa poyera chinthu chomwe chinalipo kale m'kameramo, kapena kuwala kwake kumalowa mu lenzi n'kumanjanja pakati pa magalasi. Chifukwa cha ichi, ntchito yoyamba ndi kufufuza kumene dontholo likuchokera musanapukute chilichonse, pakuti sensa (kachipangizo ka mkati mwa kamera kolandira kuwala n'kupanga chithunzi) yokandika chifukwa chopukuta mwaphuma imadya ndalama zambiri kuposa madontho amene munkafuna kuchotsa, ndipo pali madontho ena amene sangachoke ngakhale mutapukuta tsiku lonse popeza sachokera ku litsiro.

Yambani ndi zithunzi zimene muli nazo kale

Sankhani zithunzi zingapo za tsiku limodzi, makamaka zimene zili ndi thambo kapena malo ena osalala a mtundu umodzi, ndipo muzitsegule pa kompyuta n'kuzikuza mpaka 100%. Pa kasikirini ka kumbuyo kwa kamera madontho ambiri sadziwika. Mukatsegula chithunzi, chisuntheni pang'ono. Ngati dontho latsala pomwe linali pamene chithunzi chasuntha, litsiro lili pa sikirini ya kompyuta ndipo kamera ilibe mlandu. Pali zinthu zina ziwiri zimene zimasokoneza anthu mofananamo. Pa kamera ya mtundu wa DSLR, yokhala ndi kagalasi mkati kotumiza kuwala ku diso, timadontho takuda timene mumationa mukasuzumira pa viewfinder, kazenera koonerapo ndi diso, koma osaoneka pa chithunzi timakhala pa timagalasi timene timatumiza kuwala ku diso lanu, ndipo timagalasi timeneti sitikhala panjira ya kuwala nthawi yojambula. Chinanso, makamera ambiri amaphethiritsa mbali zina za chithunzi pa sikirini pofuna kukuchenjezani kuti pamenepo kuwala kwapitirira muyeso. Kuphethirako ndi chenjezo chabe, sikulowa m'chithunzi.

Mukatsimikiza kuti dontho lili m'chithunzi chenicheni, yang'anani zinthu zitatu. Onani ngati dontholo likupezeka pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse kapena ngati likusintha malo kamera ikasuntha. Onani ngati ndi lakuda kuposa malo olizungulira kapena ngati ndi lowala. Pomaliza, tsegulani uthenga umene kamera imasunga m'chithunzi chilichonse, wotchedwa EXIF, n'kuona nambala imene imayamba ndi chilembo f, monga f/4 kapena f/16, chifukwa nambala imeneyi ndi imene imaulula zambiri pa nkhani ya madontho a padzuwa. Dontho lakuda kapena lotuwa, losasuntha, looneka pa f/16 kapena f/22 n'kuzimiririka pa f/4, pafupifupi nthawi zonse limakhala fumbi la pa sensa. Dontho lowala, lamtundu wobiriwira, wachikasu kapena wofiirira, lomwe limayenda mukatembenuza kamera, limachokera ku kuwala kwa dzuwa kumene kwanjanja mu lenzi. Kadontho kakang'ono kwambiri kofiira, kobiriwira, kabuluu kapena koyera, kosasuntha komanso kosasintha ngakhale musinthe nambala ya f, ndi vuto la ma pixel, timaselo tolandira kuwala ta pa sensa.

Chifukwa chake fumbi limaonekera padzuwa

Mkati mwa lenzi muli bowo lolowetsa kuwala, limene pa kamera limalembedwa kuti aperture, ndipo limakula kapena kuchepa malinga ndi nambala ya f. Nambala ikakhala yaikulu, bowo limakhala laling'ono. Pa lenzi ya mamilimita 50, bowoli limakhala lotambalala mamilimita 25 pa f/2, koma pa f/16 limatsala pafupifupi mamilimita atatu okha. M'nyumba kamera imatsegula bowo kuti ipeze kuwala kokwanira, pamene padzuwa imalichepetsa kuti chithunzi chisayere mopitirira. Ojambula akale ankaloweza lamulo loti padzuwa loswa mtengo, ISO (muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala) ikakhala 100 ndipo shutter (kachitseko kotseguka kuti kuwala kufike pa sensa) ili pa 1/100 ya sekondi, bowo loyenera ndi f/16, ndipo kamera yosiyidwa kuti izisankha yokha nthawi zina imafika pafupi ndi pamenepo.

Fumbi silikhala pa sensa penipeni. Patsogolo pa sensa pali kagalasi koiteteza komanso kosefa kuwala, ndipo fumbi limatera pa kagalasi kameneka, motalikirana pang'ono ndi timaselo tolandira kuwala. Chimene mumaona pa chithunzi ndi mthunzi wa fumbilo. Ganizirani dzanja lanu mutaliika pafupi ndi khoma. Tsiku la mitambo, pamene kuwala kukuchokera mbali zonse, dzanjalo silichita mthunzi wooneka, koma usiku mukaliunika ndi tochi imodzi, mthunzi wake umaoneka bwinobwino mpaka zala zonse. Bowo lotseguka limabweretsa kuwala kuchokera mbali zambiri, kotero kumazungulira kachidutswa ka fumbi n'kufufuta mthunzi wake. Bowo laling'ono limabweretsa kuwala kochokera pamalo amodzi, ndipo mthunziwo umakhala wakuda ndi wa m'mphepete mooneka. N'chifukwa chake kamera yomweyo, yokhala ndi fumbi lomwelo, imatulutsa zithunzi zoyera pa nthawi yodalitsa ukwati m'tchalitchi n'kutulutsa zamadontho anthu akatuluka panja kukajambulitsa.

Kuti mutsimikize, jambulani chithunzi choyesera. Ikani kamera pa A kapena Av, pomwe mumasankha nokha nambala ya f, sankhani f/22 kapena nambala yaikulu kwambiri imene lenzi yanu ili nayo, ndipo ISO ikhale 100. Zimitsani autofocus, njira imene kamera imapotozera yokha lenzi kuti chithunzi chioneke bwino, lozetsani kamera pa pepala loyera lopanda mizere kapena pathambo lopanda mitambo kutali ndi dzuwa, ndipo mupotoze lenzi mpaka chimene mukujambulacho chisaoneke bwino. Ngati mukujambula pepala m'nyumba, shutter ichedwa kutseka, ndipo zimenezi n'zabwino. Gwedezani kamera pang'ono pamene ikujambula kuti tizilema ta papepalapo tifufutike, pakuti fumbi la pa sensa limayenda limodzi ndi kamera ndipo lidzatsala lili looneka. Kenaka jambulaninso chimodzimodzi pa f/4 n'kuyerekeza zithunzi ziwirizo. Ngati muli ndi lenzi ina, ikanipo n'kubwereza. Madontho akakhala pamalo omwewo ngakhale mwasintha lenzi, fumbi lili pa sensa. Akachoka kapena kusintha, yang'anani galasi la kumbuyo kwa lenzi yoyamba ija, chifukwa fumbi la pamenepo limaonekera pa chithunzi mosavuta kuposa la pa galasi la kutsogolo.

Maonekedwe a dontho amakuuzaninso chimene mukulimbana nacho. Kadontho kozungulira kotuwa ndi fumbi wamba, kamzere kopindika ndi kaulusi ka nsalu kapena tsitsi, ndipo dontho lozungulira lokhala ndi mkombero ngati mphete nthawi zambiri limakhala mafuta kapena madzi amene anaumirapo. Mafuta angathe kuchokera m'kamera momwemo. Chitsanzo chodziwika ndi Nikon D600 yomwe inatuluka mu 2012, imene eni ake ambiri anadandaula kuti imadzaza madontho, makamaka pakona ya kumtunda chakumanzere kwa chithunzi. Mu 2013 kampaniyo inatulutsa D610 yokhala ndi shutter ina, ndipo mu Febuluwale 2014 inalengeza kuti iziyeretsa ndi kusintha shutter ya D600 mwaulere. Nkhaniyi ndi yofunika kwa aliyense amene akugula kamera yogwiritsidwa kale ntchito, ya mtundu uliwonse. Musanapereke ndalama, jambulani chithunzi choyesera chija pa f/22, ndipo mukaona madontho ambiri ataunjikana pakona imodzi, funsani mbiri ya kamerayo.

Kuyeretsa sensa

Pitani pang'onopang'ono, kuyambira pa njira imene sikhudza sensa. Makamera ambiri osintha malenzi ali ndi njira yodziyeretsa okha pogwedeza kagalasi ka patsogolo pa sensa mofulumira kwambiri kuti fumbi ligwe. Olympus ndiyo inayamba kuika njira imeneyi m'kamera yake ya E-1 mu 2003, Canon inatsatira mu 2006 ndi EOS 400D, ndipo lero makampani ena onse akuluakulu ali nayo. Pezani mawu oti sensor cleaning m'ndandanda wa zosankha za kamera yanu, iimikeni pathebulo mmene imakhalira pojambula, muiyeretse kawiri kapena katatu, kenaka mujambulenso chithunzi choyesera. Njira imeneyi imachotsa fumbi louma lopepuka, koma silimbana ndi fumbi lomwe lamatirira chifukwa cha chinyontho.

Ngati madontho akadalipo, gwiritsani ntchito kapampu ka labala kopopera mpweya komwe kamagulitsidwa pamodzi ndi zipangizo za makamera. Chitani zimenezi m'chipinda chotseka mawindo, chopanda fani yoyatsa, komanso osati mutangomaliza kusesa. Batire likhale lodzaza. Pa DSLR mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa kamera imagwira kagalasi ka mkati ndi shutter zili zotsegula pogwiritsa ntchito moto wa batire, ndipo moto ukatha chida chanu chili mkati, shutter imatseka n'kuphwanyika. Chotsani lenzi, sankhani njira yoyeretsa pamanja, tembenuzani kamera kuti pakamwa pake paloze pansi, ndipo popani mpweya kangapo popanda kulowetsa nsonga ya kapampuko mpaka kukhudza sensa. Musauzire ndi pakamwa, chifukwa mpweya wa m'kamwa umatuluka ndi timalovu timene timauma n'kusanduka madontho ovuta kuposa oyamba. Musagwiritsenso ntchito mpweya wa m'chitini kapena pampu ya matayala, pakuti mphamvu yake ndi yaikulu ndipo nthawi zina umatuluka ndi madzi kapena mafuta.

Mukamafufuza fumbi ndi maso, kumbukirani kuti lenzi imatembenuza chithunzi chadodolido. Dontho limene likuoneka kumtunda kwa chithunzi lili kumunsi kwa sensa. Mukayang'ana sensa kuchokera kutsogolo kwa kamera, kumanzere ndi kumanja kumakhala mmene kulili pa chithunzi, choncho dontho la kumtunda chakumanzere mukalipeza kumunsi chakumanzere.

Fumbi lomatirira ndi mafuta zimachoka pokhapokha sensa ikapukutidwa ndi mankhwala ake. Pamafunika timitengo topukutira sensa tokutidwa ndi kansalu kapadera, timene timabwera kalikonse m'pepala lake lomata, pamodzi ndi madzi oyeretsera opangidwira ntchito imeneyi. Timitengoti timasiyana kukula molingana ndi sensa. Sensa ya full frame ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, ya APS-C ndi pafupifupi 23.5 ndi 15.6, ndipo ya Micro Four Thirds ndi 17.3 ndi 13, kotero gulani kamtengo kolingana ndi kamera yanu. Donthezani dontho limodzi kapena awiri kunsonga kwa kamtengoko, dikirani pang'ono kuti madziwo afalikire, kenaka kokani kamodzi kuchokera mbali imodzi ya sensa kufika mbali ina mosadukiza komanso mosakanikiza kwambiri. Tembenuzani kamtengoko, bwererani ndi mbali yake yoyera, ndipo mukatero katayeni. Kamtengo kogwiritsidwa kale ntchito kamakhala katanyamula timchenga tomwe tingakande galasi. Musanafike pa kupukuta kumeneku muyenera kukhala mutapopa kale mpweya, chifukwa kachidutswa kolimba kakatsalira, kamtengoko kamakakhwekhwereza pa galasi lonse. Makamera amene sensa yake imayandama pofuna kuchepetsa kugwedera kwa dzanja amafuna kuti muwerenge kaye buku lake, popeza ena amafuna kupukutidwa ali ozimitsa pamene ena ali ndi njira yogwira sensa kuti isayende.

Thonje la m'makutu, tishu, mpango, ngodya ya malaya ndi sipiriti wa ku famase zisayandikire sensa. Ngati zipangizo zoyenera mulibe, ndi bwino kupirira madonthowo n'kumawachotsa pa kompyuta mpaka mutazipeza. Mukaganiza zopita nayo kwa wokonza, mufunseni kaye kuti akuonetseni chimene apukutire, chifukwa munthu angathe kukhala katswiri pa mafoni koma asanagwirepo sensa ya kamera. Ine ndimaona kuti si nzeru kulimbana ndi kadontho kalikonse kooneka pa f/22. Ngati zithunzi zanu zambiri mumajambula pa f/5.6 kapena f/8 ndipo pamenepo palibe chooneka, sensa yanu ndi yoyera mokwanira, ndipo kutsegula kamera kawirikawiri kumangopereka mpata woti fumbi lina lilowe.

Makamera ang'onoang'ono osachotsa lenzi nawonso amalowa fumbi, makamaka amene lenzi yake imatuluka ndi kubwerera, chifukwa kuyenda kumeneko kumakoka mpweya wa panja. Pa makamera otere palibe njira yofikira sensa popanda kumasula kamera yonse, ndipo ntchito imeneyo ndi ya wokonza wodziwa.

Madontho owala oyenda ndi dzuwa

Lenzi imapangidwa ndi magalasi angapo osanjikizana, ndipo ya zoom, yotha kuyandikitsa ndi kutalikitsa zinthu, ingathe kukhala nawo oposa 15. Galasi losapakidwa kanthu limabweza pafupifupi magawo anayi pa 100 alionse a kuwala kofika pankhope yake, n'chifukwa chake opanga malenzi amapaka magalasiwo mankhwala oonda kwambiri, aja amaoneka obiriwira kapena ofiirira mukapendeketsa lenzi, kuti kuwala kobwererako kuchepe. Pa zinthu wamba kuwala kotsalako sikuoneka, koma dzuwa ndi lowala kwambiri moti ngakhale kachigawo kakang'ono ka kuwala kwake kakanjanja pakati pa magalasi kamafika pa sensa ngati dontho. Ojambula amatcha zimenezi flare. Madontho ake amandandalikana pamzere wochokera padzuwa kudutsa pakati pa chithunzi, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi ngodya zisanu, zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo, molingana ndi chiwerengero cha timasamba tachitsulo timene timapanga bowo lija. Dzuwa silichita kufunika kukhala m'chithunzi kuti zimenezi zichitike. Likakhala pafupi ndi m'mphepete, kuwala kwake kumagunda galasi la kutsogolo chammbali n'kubweretsa madontho kapena chifunga chimene chimasulutsa mitundu ya chithunzi chonse.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Mukuyang'ana pa sikirini, tchingani dzuwa ndi dzanja kapena chipewa pamwamba pa lenzi, kunja kwa chithunzi, mpaka mthunzi ugwere pa galasi la kutsogolo. Dontho likazimiririka, gwero mwalipeza. Chotchingira cha pulasitiki chimene chimabwera ndi malenzi ambiri, chotchedwa lens hood, chinapangidwira ntchito yomweyi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona ojambula ambiri akuyenda nacho chili chotembenuza kapena atachisiya m'chikwama pa nthawi imene chikufunika kwambiri. Ngati dzuwa lili m'chithunzi momwemo, chotchingira sichithandiza. Pamenepo sunthani pang'ono kuti dzuwa libisike kuseri kwa mtengo, denga kapena mutu wa munthu amene mukumujambula, kapena tembenuzani kamera mpaka dontho ligwere pamalo osalala pomwe lingachotsedwe mosavuta, osati pankhope ya munthu.

Fyuluta ya UV imene anthu ambiri amaika kutsogolo kwa lenzi poiteteza imawonjezera galasi lina lafulati, ndipo yotchipa, yosapakidwa bwino, imabweza kuwala kochokera pa sensa n'kupanga dontho lachiwiri moyang'anizana ndi dzuwa. Ichotseni n'kujambulanso, muone kusiyana kwake. Pamalo a fumbi lambiri kapena pamchenga wa kunyanja fyuluta ili ndi ntchito yake, koma mukamajambula moyang'ana kumene kuli dzuwa ndi bwino kuivula. Litsiro la pa galasi la kutsogolo nalonso limadzuka padzuwa. Timafumbi tochepa sitioneka pa zithunzi zambiri, koma mafuta a m'zala, thukuta ndi madontho a madzi ouma zimamwaza kuwala, ndipo pa lenzi yotambalala yoikidwa pa f/16 dontho lililonse la madzi limasanduka chibanga chowala. Popani kaye mpweya kuti mchenga uchoke, kenaka pukutani ndi kansalu koyera ka microfibre mozungulira kuchokera pakati kupita kunja. Mukaunika mkati mwa lenzi ndi tochi n'kuona timizere toyera tonga ulusi tikufalikira pa galasi, chimenecho ndi chuku, chomwe chimamera m'malenzi osungidwa pachinyontho, makamaka m'nyengo ya dzinja. Chuku sichichoka popukuta kunja, ndipo chikakhalitsa chimadya mankhwala a pa galasi. Sungani malenzi pamalo ouma pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho ta silica gel.

Palinso madontho ochokera ku sensa yeniyeniyo, imene imanyezimira n'kubwezera kuwala ku galasi la kumbuyo kwa lenzi. Pa makamera ena a mirrorless, opanda kagalasi ka mkati kaja ka DSLR, mukajambula dzuwa pa f/16 kapena f/22, pamaoneka timadontho tofiira tondandalikana bwinobwino m'mizere kuzungulira dzuwalo. Pa malenzi ena akale a nthawi ya filimu oikidwa pa makamera a masiku ano, pamatuluka chibanga chowala pakati penipeni pa chithunzi bowo likachepetsedwa. Zonse ziwirizi sizitanthauza kuti kamera yafa, ndipo zimachepa kapena kutha mukatsegula bowo kufika pa f/8 kapena kutsika apo.

Eni mafoni amakumana ndi vuto la mtundu womwewu. Kadontho kobiriwira kapena kabuluu kamene kamaoneka pa chithunzi cha dzuwa ndi chithunzithunzi cha dzuwalo chimene chanjanja pakati pa magalasi a kamera ya foni, ndipo mukakaonetsetsa kamakhala mbali inayo ya chithunzi, pamtunda wofanana ndi wa dzuwa kuchokera pakati. Pendeketsani foni pang'onopang'ono mpaka kadonthoko kalowe m'dzuwa momwemo kapena katuluke m'chithunzi. Pukutaninso galasi la kamera musanajambule, popeza foni imakhala m'manja ndi m'thumba tsiku lonse, ndipo ngati munamata kagalasi koteteza pamwamba pa kamera, dziwani kuti kamawonjezera madontho oterewa. Bowo la mafoni ambiri silisintha kukula, choncho dontho lakuda losasuntha pa zithunzi zonse za foni limasonyeza kuti fumbi lalowa mkati kapena galasi lasweka.

Ma pixel, zouluka mumpweya ndi kupsa kwenikweni

Sensa ili ndi ma pixel mamiliyoni ambiri, ndipo pakapita nthawi ena amaleka kugwira bwino ntchito. Ena amangowala mtundu umodzi nthawi zonse, ena amangokhala akuda, ndipo ena amawala sensa ikatentha. Dzuwa limalowererapo kudzera m'kutentha, makamaka kamera ikakhala nthawi yaitali ikujambula vidiyo panja mwezi wa Okutobala kapena ikasiyidwa m'galimoto yotseka mawindo. Kuti muwaone, vindikirani lenzi, ikani kamera pa M, pomwe mumasankha zonse nokha, jambulani mdimawo kwa sekondi imodzi pa ISO 100, ndipo mukuze chithunzicho. Timadontho towala tooneka pamdimapo ndi ma pixel amenewo. Sangapukutidwe, koma kamera ingathe kuuzidwa kuti iziwanyalanyaza n'kumatenga mtundu kuchokera kwa oyandikana nawo. Pa Olympus ndi Fujifilm njirayi imalembedwa kuti Pixel Mapping, pa Panasonic ndi Pixel Refresh, ndipo pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom imabisa yokha ambiri mwa iwo pa zithunzi za RAW, zosungidwa mmene zachokera pa sensa.

Nthawi zina dontho limakhala chinthu chenicheni chimene chinali patsogolo pa kamera. Ntchentche, njuchi kapena mbalame yakutali imaoneka ngati kachibanga kotuwa pa chithunzi chimodzi n'kusowa pa chotsatira. M'mbali mwa nyanja ya Malawi, makamaka chakumpoto monga ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, tizilombo ta nkhungu tikauluka tingathe kudzaza thambo la chithunzi ndi timadontho tosawerengeka. M'chilimwe, pabwalo la gule kapena la mpira pomwe fumbi lili kobo, fumbi loyandama pafupi ndi lenzi limawala dzuwa likakhala kumbuyo kwake, ndipo mukayatsa fulashi kuti muwalitse nkhope, kachidutswa kalikonse kamasanduka kabwalo koyera. Chizindikiro cha zonsezi n'chakuti madonthowo sabwerera pamalo amodzi.

Kupsa kwenikweni kumachitika lenzi, makamaka yokoka zinthu zakutali, ikaloza dzuwa kwa nthawi, chifukwa imasonkhanitsa kutentha pamalo amodzi. Kadamsana wa pa 21 Ogasiti 2017 atachitika ku America, kampani yobwereketsa makamera ya Lensrentals inaonetsa zipangizo zimene zinabwerera zitasungunuka timasamba ta bowo, shutter ndi sensa. Chibanga cha kupsa chimaoneka pa chithunzi chilichonse, pa nambala iliyonse ya f, ndipo sichichoka popanda kusintha chipangizo chopsacho. Vindikirani lenzi nthawi zonse pamene simukujambula, musasiye kamera itagona chagada padzuwa, ndipo musasuzumire dzuwa kudzera pa viewfinder ya DSLR, pakuti diso nalonso limapsa.

Kujambula padzuwa popanda kufika pa f/22

Popeza bowo laling'ono ndi limene limaonetsa fumbi komanso madontho ena a sensa, phunzirani kuchepetsa kuwala m'njira zina. Yambani ndi ISO. Wojambula akatuluka m'tchalitchi ataiwala ISO pa 1600, kamera imalandira kuwala ngati kochuluka ka 16 kuposa pa ISO 100, ndipo imakakamizika kutseka bowo mpaka pamapeto. Bwezerani ISO pa 100 kapena 200, kenaka fulumizitsani shutter. Kuwala kwa f/16 pa 1/100 n'kofanana ndi kwa f/8 pa 1/400, f/5.6 pa 1/800 kapena f/4 pa 1/1600, ndipo zithunzi za pa f/8 zimakhalanso zakuthwa kuposa za pa f/22, chifukwa kuwala kukadutsa pabowo laling'ono kwambiri kumamwazika. Vuto limatsala pa fulashi ndi pa vidiyo. Makamera ambiri salola shutter kupitirira 1/200 kapena 1/250 fulashi ikayaka mwa nthawi zonse, ndipo wojambula vidiyo ya mafulemu 25 pa sekondi amafuna shutter ya 1/50, imene padzuwa lamphamvu imafuna f/22. Yankho lake ndi fyuluta yakuda yotchedwa ND. Ya ND8 imakuchotsani pa f/22 kukufikitsani pa f/8, ndipo ya ND64 imakufikitsani pa f/2.8. Kwa wojambula vidiyo za maukwati ndi zinkhoswe fyuluta imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa dontho la pa vidiyo limavuta kuchotsa kuposa la pa chithunzi.

Posintha lenzi panja, zimitsani kamera, fulatirani mphepo, lozetsani kamera pansi, ndipo lenzi yatsopano ikhale yokonzeka m'dzanja musanachotse yakale. Pukutaninso zivindikiro za kumbuyo kwa malenzi, chifukwa chivindikiro chimene chakhala m'thumba la buluku chimasamutsira fumbi lake pa lenzi, ndipo lenziyo imakalitula m'kamera.

Zithunzi zimene zajambulidwa kale zili ndi madontho zingathe kukonzedwa. Lightroom, kuyambira pa mtundu wake wachisanu wa mu 2013, ili ndi chida cha Visualize Spots chimene chimaonetsa madontho ovuta kuwaona ndi maso. Mapulogalamu aulere a GIMP ndi darktable ali ndi zida zofufutira madontho potenga mtundu wa malo oyandikana nawo, ndipo pa foni Snapseed ili ndi chida cha Healing. Canon ili ndi njira ya Dust Delete Data, Nikon ili ndi Image Dust Off, ndipo zonsezi zimasunga malo amene pali fumbi kuti pulogalamu ya kampaniyo ilifufute yokha. Popeza fumbi la pa sensa limakhala pamalo amodzi, mungathe kukonza chithunzi chimodzi n'kukopera kukonzako ku zinzake zonse za tsikulo. Mukatero, tsegulani chithunzi chilichonse pachokha n'kuchiona, chifukwa pamalo pomwe pa chithunzi choyamba panali thambo, pa china pangakhale diso la munthu kapena maluwa a chitenje, ndipo pulogalamuyo idzafufuta pamenepo mosasankha. Zithunzi zojambulidwa kamera itaimikidwa choimirira muzikonze pazokha, popeza madontho ake amagwera mbali ina.